KUTSUKA MPOPI WA MFUTI NDI CINGWE

Mau ali m'munsiwa nga mkulu wina amene anagwira nchito ya ulenje wa Boma zaka zambiri, ndipo tsopano anapuma. Anawalankhula pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi eni mfuti. Tawalemba muno monga anawanenera, kuti ndi iwo amene sanafike pa msonkhanopo amveko.

Ndathokoza kuti mwasiya makasu anu ndi kudza kuno kudzamva mau a munthu wokalamba. Nkhani yanga lero ndi ya mpopi wa mfuti, ndi kacingwe kamene titsukira nako m'kati mwace. Ena mudzati nkhaniyi njaing'ono. Cifukwa cace ndiyambe ndi cinthu cimene ndinaona ndi maso anga.

Caka cina, ndikali pa nchito, ndinaitanidwa ku mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri kumene nguluwe zinali kutha cimanga. Ndisanafike, bambo wina wa m'mudzimo anatsitsa cifefe cace ku denga kumene cinali kukhala. Kunja kwace cinali kunyezimira, pakuti mwini wace anali kucipukuta ndi mafuta kawiri-kawiri. Koma m'kati mwa mpopi mabvu aja omanga ndi dothi anali atamangamo nyumba yao, ndipo iye sanasuzumiremo. Usiku womwewo anaombera nguluwe. Mpopi unang'ambika pafupi ndi pamene anagwira ndi dzanja lamanzere, ndipo zala ziwiri zinaduka. Nguluwe inapita yamoyo. Ine ndinafika m'mawa, ndipo nchito yanga yoyamba inali kunyamula munthuyo kunka naye ku cipatala. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti zambiri za m'midzi mwathu ziri comweco.

ZIMENE ZIMADYA MPOPI

Mukatenga raifo, monga .303 imene ambiri muidziwa, ndi kusuzumira m'kati mwace poilozetsa kowala, mudzaona mizere yozungulira kucokera kumbuyo kufikira kukamwa. Mfuti zambiri za mtundu umenewu ziri ndi mizere 5, ndipo cipolopolo cizungulira kamodzi pa mainchesi 10 ali onse. Kuzungulira kumeneku ndiko kuongola cipolopolo kuti cipite kumene mwalozetsa. Mizereyo si yakuya ai. Kuya kwace kulingana ndi kucindikala kwa pepala limodzi kapena awiri. Dzimbiri likaidya palibe mmisiri angathe kuibwezera, ndipo mfuti yotere iyamba kuponya zipolopolo uku ndi uku. Mwini wace ati maso akalamba, kapena ati wina wamlodza, pamene bvuto liri m'mpopi.

Nthawi iri yonse mukaomba, mutsala zinthu zitatu. Coyamba ndi mwaye wa wonga wopsa. Caciwiri ndi citsulo ca cipolopolo cimene cikanirira ku makoma a mpopi: m'raifo utsala mkuwa, m'cifefe utsala mtobvu ndi pulasitiki wa kacibekete kamene kanyamula timipira. Cacitatu ndico coipa koposa, ndipo sicioneka ndi maso. Ndi mcere.

Mudzafunsa kuti, kodi mcere ulowa bwanji m'mfuti? Pa thako la cipolopolo pali kabatani kakang'ono koyatsira wonga, kamene akulu akale anali kukacha fataki. M'zipolopolo zakale, maka-maka za nkhondo, mankhwala a m'kabatanimo akapsa asiya mcere wofanana pang'ono ndi wa m'ndiwo. Amai onse ali pano adziwa cimene mcere ucita nthawi ya dzinja: unyowa wokha m'mbale ngakhale palibe anauthira madzi. M'mpopi ucitanso comweco. Ukoka cinyontho ca mumlengalenga, ndipo usiku umodzi wokha ukwanira kuti dzimbiri liyambe.

Kwa zaka zambiri anthu sanadziwe zimenezi. Anali kudzoza mafuta ambiri, koma dzimbiri linali kumera pansi pa mafutawo. Mu 1922 katswiri wina wa ku America, dzina lace Wilbert Huff, anafalitsa zimene anapeza, kuti cocititsa ndi mcere wa fataki, ndi kuti mafuta sasungunula mcerewo koma madzi. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 opanga zipolopolo anayamba kupanga fataki wosasiya mcere, ndipo zipolopolo zosakira nyama zimene mugula ku sitolo masiku ano nzotero. Koma magulu a nkhondo a maiko ambiri anapitirira ndi fataki wakale kufikira zaka za m'ma 1950, ena kupyola pamenepo. Cifukwa cace ngati simudziwa kumene cipolopolo cinacokera, kapena ngati nca .303 cakale, ciyeseni camcere.

CINGWE CA ASILIKARI

Atate anga anali msilikari wa Keyala. Analembedwa ku Zomba, ndipo mu 1944 anali ku Burma, kumene asilikari a kuno anamenya nkhondo m'kati mwa mvula yosaleka. Ndiwo anandiphunzitsa nchito imeneyi ndikali mnyamata. Anali kunena kuti m'nkhalango za kumeneko mfuti yogona usiku umodzi yosatsuka inali kudzuka yofiira, ndipo msilikari anali kusamala mpopi wace asanasamale mimba yace.

Mfuti yao inali Lee-Enfield, imene asilikari a Britain anayamba kugwira nayo nchito mu 1895. Pa thako la mtengo wace pali kacitseko kakang'ono. Mukakatsegula mupeza zinthu ziwiri: kabotolo ka mafuta ndi cingwe copota. Cingweco ciri ndi kacitsulo kamkuwa kolemera ku nsonga imodzi, ndipo ku nsonga inayo kuli magoli atatu. Goli loyamba, la kufupi ndi kacitsulo, linali la kasefa kawaya kopalira dzimbiri. Kasefako kadya mpopi, kotero msilikari sanali kuloledwa kukagwiritsa nchito masiku onse. Goli lapakati ndilo la kansaru. Goli lakumapeto lisiyidwa lopanda kanthu, kuti cingwe cikakanirira mmisiri akhale ndi pokolera pocibweza.

Nsaru yace inali fulanelo yofewa, yodulidwa mainchesi 4 m'litali ndi mainchesi 2 m'lifupi, ndiko kuti masentimita 10 ndi 5. Mpukutu wace unali ndi mizere yofiira yosonyeza poduka. Muyeso umenewu uli ndi cifukwa cace. Kansaru kakacepa kangodutsa osapukuta kanthu. Kakakula kakanirira pakati, ndipo cingwe ciduka.

Ngati mulibe cingwe ca ku sitolo mukhoza kupanga canu. Funani cingwe colimba coluka, capyola utali wa mpopi ndi mkono umodzi. Ku nsonga mangani kacitsulo kamkuwa kosalala, kocepa kuposa bowo la mpopi. Musamange msomali kapena bauti, pakuti citsulo colimba cikanda m'kati. Waya ndiye woletsedwa ndithu. Nsaru ikhale ya thonje, yoyera ndi yocapa, yopanda msoko kapena batani. Malaya akale a mwana wa sukulu acita bwino.

MUSANAYAMBE

Cinthu coyamba, cimene sindidzatopa kucinena, ndi ici: cotsani zipolopolo. Lozetsani mfuti pansi kumene kulibe munthu, tsegulani, cotsani kabokosi ka zipolopolo ngati kalipo, yang'anani m'cipinda ca cipolopolo, ndipo pisanimo cala. Musanene kuti, ndikumbukira ndinacotsa dzulo. Anthu ambiri amene anaombera mnzao potsuka mfuti anali kukumbukira comweco. Zipolopolo kaziikeni m'nyumba, inu mukakhale pa khonde kumene kupita mphepo, kutali ndi moto. Ana apite kukasewera. Yalani mphasa kapena thumba loyera, kuti cingwe cisakhudze pansi, cifukwa cingwe cotola mcenga cisanduka tupa.

KAKOKEDWE KA CINGWE

Cotsani bauti wa raifo kuti bowo lioneke kucokera kumbuyo kufikira kutsogolo. Ongolani cingwe ndi kucipyoza pakati pa zala zanu, kuti mumve ngati pali mfundo, mcenga kapena posenda. Cingwe cosenda citayeni lero, musadikire kuti cidukire m'kati. Pisani kansaru m'goli lapakati ndi kukakulunga bwino pa cingwe.

Tsono weramitsani mfuti, ndipo gwetserani kacitsulo kumbuyo, kolowera cipolopolo, katurukire kukamwa. Nthawi zonse cingwe ciyende njira imene cipolopolo ciyenda. Mukayambira kukamwa mukokera zonyansa zonse m'cipinda ca cipolopolo ndi m'zitsulo zoombera. Kacitsulo kakaturuka, tsamiritsani thako la mfuti pansi, gwirani mpopi ndi dzanja lamanzere, kulungani cingwe pa kamtengo kuti cisakucekeni, ndipo kokani kamodzi kokha osaima panjira. Mukaima pakati kansaru kafutukuka ndi kukanirira.

Apa pali cinthu cimene atate anali kundikalipira naco koposa zonse. Pokoka, cingwe cituruke pakati peni-peni pa bowo, cisakhule m'mphepete mwa kamwa. Taonani mwala wa pa citsime, m'mene cingwe ca ndowa ciusemera mzere ndi kupita kwa zaka. Kamwa la mfuti liperesekanso comweco, ndipo pamenepo ndi pamene cipolopolo citsazikira mpopi. Kamwa likadyeka mbali imodzi, mpweya wa wonga uturuka mokondera ndi kukankhira cipolopolo pambali. Mfuti zambiri za asilikari zinaonongeka ndi cingwe m'manja mwa anthu akhama koma osasamala.

Kansaru koyamba kakhale konyowa ndi mankhwala otsukira. Mukakakoka dikirani mphindi 10 kuti mankhwala alowerere, ndipo pambuyo pace kokani touma. Kansaru kakada musakabwezerenso ai, tengani kena. Bwerezani konyowa ndi kouma kufikira kansaru katuruke koyera. Cipinda ca cipolopolo ncacikuru kuposa bowo, kotero cingwe sicicipukuta bwino. Kulungani nsaru pa kamtengo kosalala, pisani kumbuyo ndi kuzunguza. Pomariza tengani kansaru kocepako pang'ono, donthezanipo mafuta a mfuti, ndi kukakoka kamodzi. Mafutawo angonyowetsa makoma, asacite kuyenderera.

MADZI OTENTHA

Ngati mwaomba zipolopolo zamcere zija, yambani ndi madzi musanakhudze mankhwala ena ali onse, ndipo citani tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Asilikari anali kuthira mapaini 5 kapena 6 a madzi owira, ndiwo malita atatu, kupyolera m'fanelo yokhota imene anali kuipisa kumbuyo kwa mpopi, kamwa litalozetsedwa pansi. Inunso citani comweco ndi ketulo. Samalani kuti madzi asalowe pakati pa mpopi ndi mtengo, kapena m'zitsulo zoombera, ndipo gwirani mfuti ndi lamba wace kapena ndi nsaru, pakuti citsulo citentha kwambiri.

Cifukwa ninji madzi akhale owira? Cifukwa asungunula mcere msanga, ndiponso atenthetsa citsulo kuti ciume cokha. Mpopi ukali wotentha kokani tinsaru touma, ndipo ukayamba kuzizira pitirizani ndi mankhwala ndi mafuta monga ndanena. Asilikari anali kunena kuti mpopi ucita thukuta masiku angapo utaombedwa. Kweni-kweni ndi mcere wotsalira m'timing'alu umene uli kukoka cinyontho. Cifukwa cace mawa lace ndi mkuja lace kokaninso kansaru ndi kukayang'ana. Mukaona kufiira, bwerezani madzi.

ZA MANKHWALA OTSUKIRA

Mankhwala otsukira ndi mafuta otetezera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Oyamba asungunula zonyansa, aciwiri achinga citsulo ku cinyontho. Mwa otsukira, odziwika kwambiri ndi Hoppe's No. 9, amene Frank Hoppe anayamba kupanga ku America mu 1903, ndi Ballistol wa ku Germany, wa mu 1904. Onse awiri agulitsidwabe. Ballistol mukamsakaniza ndi madzi ayera ngati mkaka, ndipo motero athandiza kucotsa mcere. Akulu ena pano akumbukira Young's .303 wa ku England, amenenso anali kusakanizidwa ndi madzi pa cifukwa comweci.

Pali ena opangidwira kucotsa mkuwa. Mudzawadziwa ndi pfungo lao la amoniya, loswa mphuno ngati la m'khola la mbuzi. Kansaru kakaturuka kobiriwira, ndiye kuti mkuwa uli kusungunuka. Mankhwala amenewa ngaukali. Werengani mau a pa botolo, ndipo ngati simutha kuwerenga Cingerezi pitani nalo kwa aphunzitsi. Ambiri a iwo sayenera kukhala m'mpopi kupyola mphindi 15, ndipo musawasiye kugona m'menemo. Acotsanso mafuta onse, kotero mukatha umitsani ndi kudzoza nthawi yomweyo. Musasakanize mankhwala a mabotolo awiri.

Ndidziwa kuti ambiri muli kutali ndi masitolo a m'tauni. Parafini wa nyali afewetsa mwaye bwino ndithu, ndipo mafuta a makina osokera akhoza kuteteza mpopi ngati mulibe ena. Koma mafuta a nsatsi, a mtedza, ndi ophikira onse musathire m'mfuti, cifukwa akakhalitsa auma ngati ulimbo. Mafuta a nyama yamcere ndiwo oitana dzimbiri. Oilo wakuda wocotsa m'galimoto ali ndi zinyalala za injini. Petulo agwira moto msanga. Phulusa, mcenga, ndi waya wokwecera miphika ziwalitsa mpopi lero, koma zicita kuudya.

Mankhwala onsewa ndi poizoni. Musawathire m'botolo la zakumwa, pakuti mwana adzayesa cakumwa. Tinsaru takuda tiri ndi mtobvu, ndipo mtobvu uononga ubongo wa ana ang'ono ngakhale ulowe pang'ono-pang'ono. Titayeni m'cimbudzi, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima kapena kunyamula khanda.

CIFEFE NDI GOGODELA

Cifefe ciribe mizere m'kati, mpopi wace ngwosalala ndi waukuru. Nambala 12 imene muichula itanthauza kuti mipira 12 yamtobvu yokwana bwino m'bowolo ilemera paundi imodzi, ndipo bowolo liri pafupi-fupi mamilimita 18 ndi theka. Kansaru ka raifo kangogwa m'menemo. Dulani nsaru yaikuru ngati cikhato, ndipo yesani kufikira mupeze imene idutsa mothina pang'ono. Kumbukirani kuti zifefe zambiri ziri zothina kukamwa, kotero nsaru yolowa mobvuta kumbuyo idzakanirira kutsogolo. Cifefe cothyola pakati ncapafupi: thyolani, gwetsani kacitsulo kumbuyo, kokani. Ca Greener ca ku Birmingham, cimene cinafala kuno, tsitsani cogwirira cace capansi kuti kumbuyo kutseguke.

Mukasuzumira ndi kuona mizera yotuwa patsogolo pa cipinda ca cipolopolo, umenewo ndi mtobvu kapena pulasitiki. Nsaru yokha siicotsa. Nyowetsani ndi mankhwala, dikirani, ndipo kokani burashi yamkuwa ya muyeso wa mfuti yanu. Burashi ikalowa iyenera kuturukira kutsogolo, musayese kuibweza iri pakati.

Gogodela ndi nkhani ina. Kumbuyo kwace nkotseka, kotero cingwe sicingadutse, ifuna ndodo. Wonga wace wakuda usiya zotsalira zoposa theka la kulemera kwace, ndipo zotsalirazo zikoka cinyontho koposa. Itsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo tsiku lomwelo. Ndipo cenjerani ndi gogodela ya agogo imene iri kudenga. Zambiri zinapacikidwa ziri ndi wonga m'kati, ndipo wonga wakuda ukhoza kuphulika patapita zaka makumi-makumi. Musaiike pa moto kapena kupita nayo kwa wosula musanatsimikize kuti mulibe kanthu.

CINGWE CA MAKONO

M'zaka za m'ma 1990 kunabwera cingwe ca mtundu wina cochedwa BoreSnake. Ici ncoluka conenepa, ciri ndi kacitsulo kamkuwa kutsogolo ndi timawaya ta burashi tolukidwira m'kati mwace, kotero kukoka kamodzi cipala ndi kupukuta pamodzi. Ncothandiza m'chire, pamene mufuna kutsuka msanga. Koma ciri ndi malamulo ace. Ciri conse cipangidwira muyeso umodzi wa mfuti, ndipo nambala yace yalembedwa pa kacitsulo. Zonyansa zonse zikhala m'cingwe momwemo, kotero cicapeni ndi sopo ndi kuciyanika ciume. Cingwe cakuda cingobwezera m'mpopi zimene cinacotsa dzana. Cikayamba kusenda gulani cina. Ndiponso sicikuuzani ngati mpopi wayera, monga kansaru koyera kacitira. Ine ndikoka cingwe camakono poyamba, ndi kumariza ndi kansaru.

CINGWE CIKADUKIRA M'KATI

Tsiku lina cidzakudukirani, monga cinandidukira ine. Pamenepo munthu afuna mtima wodekha. Musakhomere msomali kapena ndodo ndi nyundo, cifukwa mudzangotsindira nsaruyo ndi kukanda mizere. Musaike mpopi pa moto kuti nsaru ipse. Ndipo koposa zonse, musayese kuiturutsa poombera cipolopolo. Ameneyo ndiye msampha umene unadula zala za bambo uja. Thirani mafuta ocepa mphamvu kapena parafini, imikani mfuti usiku wonse, ndipo m'mawa yesani kubweza cingwe cakumbuyo, kumene cinalowera, ngati nsonga yace ioneka. Cikakana, mangani nsaru yofiira pa mfutiyo kuti wina asaigwire, ndipo pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti wobvomerezeka. Kulipira mmisiri nkochipa kuposa kugula mpopi, ndipo dzanja siligulidwa.

KUSUNGA NDI KUOMBA

Kuyambira November kufikira April, ndiponso nthawi ya ciperoni kwa inu a ku Thyolo ndi Mulanje, ndi masiku onse kwa inu a m'mphepete mwa nyanja, mfuti icita dzimbiri ngakhale simunaombe. Kokani kansaru kamodzi pa mlungu, ndi kubwezera mafuta. M'cirimwe kamodzi pa mwezi kakwanira. Musasunge mfuti m'thumba lacikopa kapena la nsaru, cifukwa thumba lisunga cinyontho. Musaitseke kukamwa ndi cisanza kapena citsononkho pofuna kuchinga mabvu. Cisanza cimwa cinyontho ndi kudyetsa kamwa, ndipo tsiku la fisi kulowa m'khola mudzaiwala kucicotsa. Malo abwino ndi bokosi kapena kabati yokhoma, youma, imene mabvu ndi ana sangalowemo. Iimikeni kamwa pansi, kuti mafuta asatsikire m'mtengo ndi kuufooketsa. Zipolopolo zikhale pena, pokhomanso.

Tsiku lopita kukaomba, yambani mwakoka kansaru kouma m'mpopi ndi kupukuta cipinda ca cipolopolo. Mafuta ocuruka m'bowo akhoza kutupitsa mpopi, ndipo mafuta a m'cipinda aterereza cigoba ca cipolopolo kuti cikankhe bauti ndi mphamvu yoposa muyeso. Mukatero suzumirani kucokera kumbuyo, mfuti iri yotsegula ndi yopanda kanthu, muone kuwala kozungulira bwino. Mukagwa m'matope kapena kamwa likagunda pansi, imani, cotsani cipolopolo, suzumiraninso. Mukaomba ndi kumva kulira kofooka, musaike cina musanaone ngati coyambaco caturuka. Inu a zifefe, musasakanize zipolopolo za 20 ndi za 12 m'thumba limodzi. Ca 20 citerera kulowa m'kati mwa mpopi wa 12 ndi kukanirira patsogolo, ndipo munthu aika ca 12 pambuyo pace osadziwa. Opanga ambiri apaka za 20 utoto wacikasu cifukwa ca ngozi imeneyi.

Mukaona kuti mpopi watupa pena, wapindika, uli ndi mng'alu, kapena dzimbiri lakumba maenje akuya, mfutiyo yatha nchito. Palibe cingwe kapena mankhwala angaicize. Musaigulitse kwa mnzanu. Kaipereke ku Polisi.

MAU OTSIRIZA

Zonse ndanenazi nza munthu amene ali ndi mfuti mwa lamulo. Lamulo la mfuti la dziko lino, limene linapangidwa mu 1967, liletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi. Laisensi ya mfuti siikupatsani ufulu wopha nyama iri yonse. Lamulo la nyama za m'chire la 1992 linalimbitsidwa mu 2017, ndipo wopha njobvu kapena cipembere akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Mvuu kapena njobvu zikalowa m'minda, uzani a Boma oyang'anira nyama.

Mafumu, inu mudziwa nyumba iri yonse ya m'mudzi mwanu imene muli mfuti. Mvula isanayambe itanani eni ace, abwere nazo zotsegula ndi zopanda zipolopolo, ndipo musuzumire m'kati mwace mmodzi-mmodzi. Aphunzitsi, uzani ana kuti akaona mfuti kapena cipolopolo asakhudze, koma akaitane munthu wamkuru. Ndipo awerengereni nkhaniyi makolo amene sadziwa kuwerenga.

Bambo uja wa zala ndinakomana nayenso patapita zaka, ali kulima ndi khasu lomangirira ku mkono ndi luzi. Anandiuza kuti kusuzumira m'mpopi kukanamtengera nthawi yocepa kuposa kusomphola fodya kamodzi. Inu mukafika kwanu lero, tsitsani mfuti yanu, cotsani zipolopolo, ndipo yang'anani m'kati dzuwa likali kuwala. Amene ali ndi mafunso atsale, cingwe ndi kansaru ndabwera nazo, ndipo ndisonyeza ali yense kakokedwe kace.